Tsiku loika effects loop mu ampulifaya yanga ya mavalavu

Loweruka. Lero ndalawirira pa benchi, tiyi ndamwera pomwepo. Usiku wonse mtima unali pa ampulifaya imene ndakhala ndikupanga kwa miyezi inayi, yotengera kapangidwe ka Marshall JCM800 ya mawati 50: mavalavu (timababu tagalasi tokuza mawu) atatu a 12AX7 kutsogolo, awiri a EL34 kumbuyo. Kulira imalira mokoma, koma ndikalumikiza delay, pedo yobwereza mawu, pakati pa gitala ndi ampulifaya, mawu obwereza aja amakalowa mu distortion, kukhakhala kwa mawu okuzidwa mopitirira, n'kusanduka phala. Malo a delay ndi reverb (yomveketsa mawu ngati m'holo) ndi pakati pa preamp, gawo loyamba lokonza mawu, ndi power amp, gawo lowakankhira ku sipika, pamene mawu apsa kale. Njira yotulutsira mawu pamenepo kupita ku pedo n'kuwabwezanso ndiyo effects loop.

Dzulo ndinadzera njira yachidule. Ndinadula waya wochoka pa treble kupita ku master volume, n'kuika majeki awiri, send yotulutsa mawu ndi return yowabweza. Nditalumikiza delay, mawu anali othetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ndipo kuthwa konse kwa gitala kunazimirira. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinali nditaboola kale chesisi.

Cha m'ma 8 koloko ndaimbira mdala wina wokonza mawayilesi, amene anayamba ntchitoyi mawayilesi akadali a mavalavu. Andimvetsera mpaka ndamaliza, kenako afunsa, "Mwana wanga, unayeza mphamvu imene ikutuluka pamenepo?" Ndati ayi, bambo. "Kayeze kaye, undiimbirenso."

Ndayeza. Gain, kapotokolo kokuzira mawu mu preamp, ili pamwamba, pamalopo pamatuluka mavoti oposa 20. Delay yanga imayendera batire ya mavoti 9 ndipo imayembekeza mawu osafika ndi voti imodzi yomwe. Ndiye kuthetheka kuja. Za kuthwa kozimirira, mdalayo andiuza kuti pambuyo pa tone stack, gawo la treble, middle ndi bass, impedance (kukaniza kuyenda kwa magetsi a mawu) imakhala yokwera, choncho waya wautali wopita ku pedo ndi kubwerako amadya mawu apamwamba. Mankhwala ake ndi valavu ina ya 12AX7, poti m'kati mwake muli matriode awiri, ndiye kuti zigawo ziwiri zokuzira mawu. Yoyamba ikhale cathode follower, yotsitsa impedance ija, yokankhira mawu ku send, mawuwo atachepetsedwa kaye. Yachiwiri iwakuzenso akabwerera pa return.

Ndisanakhudze kanthu ndazula pulagi kukhoma, n'kukhetsa magetsi otsalira m'makapasita akuluakulu podzera pa rezisita, maso ali pa mita mpaka yatsika pansi pa mavoti 10. M'kati muno mumakhala mavoti oposa 400, ndipo makapasita amawasunga ngakhale utazimitsa. Apa sindichita nazo masewera. Ndikamayeza ampulifaya ili yoyaka, dzanja limodzi limakhala m'thumba.

Ndawerengeranso ngati thiransifoma ingakwanitse. EL34 iliyonse imakoka maampu 1.5 pa heater (kawaya kotenthetsa valavu) ya mavoti 6.3, 12AX7 iliyonse 0.3. Valavu yatsopanoyi ikufikitsa zonse pa 4.2, ndipo thiransifoma yanga inalembedwa 5. Mtima wakhala pansi.

Kuboola malo a soketi kwanditengera nthawi kuposa china chilichonse. Ndinaphimba bolodi ndi nsalu, komabe tizidutswa ta aluminiyamu tinamwazika paliponse, ndipo kamodzi ndakapeza katakanirira pakati pa miyendo iwiri ya soketi ya EL34. Ndakachotsa ndi kaburashi, ndayang'ananso paliponse ndi tochi kawiri. Pochepetsera mawu ndaika rezisita ya 470k ndi ina ya 22k, zimene zikutsitsa mavoti 20 aja kufika pafupi ndi voti imodzi. Jeki ya return ndasankha ya switch, kuti pakakhala palibe cholumikiza mawu azingodutsa okha. Loop yonse ndaisiya kutsogolo kwa master volume, kuti ndikamakweza kapena kutsitsa voliyumu, mphamvu yopita ku delay isamasinthe. Ena amaiika pambuyo pa master, koma ine sindikufuna kumawerama kukonza pedo nthawi iliyonse woimbitsa kwaya akati titsitse.

Magetsi anazima ndili pakati powotcherera, ayironi n'kuzizira m'manja. Ndadya nsima, ndajambulanso dayagiramu papepala loyera, ndadikira. Abwera cha m'ma 3 koloko.

Nditayatsa, valavu yatsopano yayamba kufiira pang'onopang'ono m'kati mwa galasi, fungo la mtovu likadali m'chipinda. Kenako sipika yayamba kung'ung'udza, kulira kwapansi kuja kwa 50 Hz. Ndatenga kamtengo kouma n'kumasuntha mawaya mmodzimmodzi. Nditakankha waya wopita ku grid (polowera mawu) ya triode yachiwiri kuti atalikirane ndi mawaya a heater, phokoso lachepa pomwepo. Ndazimitsa, ndakhetsanso makapasita, ndapota mawaya a heater mothina n'kuwagoneka m'kona mwa chesisi. Waya wa grid ndasinthanitsa ndi wa shield, wokutidwa ndi chitsulo chotchinga phokoso, shield yake ndaigwiritsa ku ground mbali imodzi yokha. Nditayatsanso, zii.

Ndalumikiza delay, ndakweza gain, ndamenya kodi ya A kamodzi n'kugwira zingwe. Mawu abwerera katatu, aliwonse omveka paokha, akuzilala mwadongosolo ngati munthu akukuwa kutsidya kwa dambo. Ndakhala ndikuimba mpaka mayi a kunyumba abwera kudzaima pakhomo, chitenje chili m'manja, n'kunena kuti, "Bambo, lero ndiye ikumveka ngati ya pa wayilesi."

Mdala uja ndamuimbira dzuwa litalowa, foni ndaiyandikiza ku sipika. Aseka mokondwa, n'kundiuza kuti ndiike potentiometer, rezisita yopotokola, pa send m'malo mwa rezisita ya 22k, kuti tsiku lina ndikadzapeza chipangizo chofuna mawu amphamvupo ndidzangopotokola. Ndili nayo m'kabokosi. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiiika, ndilembenso SEND ndi RETURN kumbuyo kwa chesisi ndi penti yoyera.