Oyilo wa pikapu asinthidwe pakatha makilomita angati?

Mapikapu awiri a mtundu umodzi, otuluka chaka chimodzi, akhoza kufuna oyilo watsopano pa nthawi zosiyana kwambiri. Ina imayenda pa tala maulendo ataliatali, kumbuyo kulibe kanthu. Ina imasenza katundu tsiku ndi tsiku, kukoka ngolo, kupuma fumbi mpaka madzulo. Mukazipatsa nambala imodzi, ina mwa izo mwailakwira. N'chifukwa chake mabuku a magalimoto ambiri ali ndi ndondomeko ziwiri za sevisi, ya kayendedwe wamba ndi ya ntchito yolemetsa. Pikapu imene ikugwiradi ntchito ya pikapu nthawi zambiri imakhala m'gulu lachiwirilo, koma eni ake ambiri amatsata loyamba chifukwa ndilo lili ndi nambala yokoma.

Pa kayendedwe wamba, mapikapu ambiri a dizilo a masiku ano amalembedwa makilomita 10,000, ena mpaka 15,000, kapena miyezi 6 mpaka 12. Pa ntchito yolemetsa nambalayo imadulidwa pakati, kukhala 5,000 mpaka 7,500. Injini yakale ya dizilo, yothiridwa oyilo wamba wa 15W-40 (nambala ya pa botolo yosonyeza kulemera kwa oyilo), musaipitirize 5,000. Ya petulo yothiridwa oyilo wabwino wa synthetic, wopangidwa mwapadera kuti apirire kutentha, imafika 10,000 popanda vuto ngati ikuyenda bwino. Mawu akuti "kapena" m'bukumo atanthauza chimene chayamba kukwana, makilomita kaya miyezi. Ngati buku la galimoto yanu likunena zosiyana ndi izi, tsatirani bukulo, koma mutsegule tsamba lolondola.

Kuti mudziwe gulu la galimoto yanu, muyenera kudziwa chimene chimapha oyilo. M'botolo muja simuli mafuta okha. Muli mankhwala otsuka, ena ogwira tizinyalala kuti tisaundane, ena oteteza zitsulo pamene zikukhudzana, ndi ena ochepetsa mphamvu ya asidi. Mankhwala amenewa amatha. Nthawi iliyonse injini ikamaphulitsa mafuta, mpweya wina umadutsa m'mbali mwa maring'i a pisitoni n'kutsikira ku sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, utanyamula mwaye, nthunzi ya madzi ndi mafuta osapsa. Mu dizilo muli sulufule, ndipo sulufule akapsa n'kukumana ndi madzi amabala asidi wodya mabering'i. Kutentha nako kumakhwimitsa oyilo mpaka kulemera. Mankhwala aja akatha, zonsezi zimayamba kumatirira m'tinjira ta oyilo ngati phala la dzulo mumphika, ndipo pampu imavutika kukoka.

Maulendo aafupi ndiwo mdani amene ambiri samuganizira. Galimoto yoyenda makilomita osakwana 8 kapena 10 n'kuzimitsidwa, oyilo wake safika pa kutentha kochotsa madzi ndi mafuta amene alowamo. Muvi wa pa dashibodi ukafika pakati ukukuuzani za madzi a mu ladiyeta, oyilo amatentha mochedwerapo. Choncho galimoto yongozungulira pafupi, imene mwini wake amati "siigwira ntchito kwenikweni", ndi imene imawononga oyilo msanga.

Kulira itaima kuli chimodzimodzi. Mita ya makilomita siwerenga, koma injini ikuzungulira, ndipo dizilo akamapsa pa moto wochepa amatulutsa mwaye wambiri. Osamalira magalimoto ambiri a kampani amawerenga ola limodzi la kulira itaima ngati makilomita pafupifupi 40 mpaka 50. Pikapu yolira maola awiri pa tsiku podikira katundu ikuwonjezera makilomita pafupifupi 2,000 pa mwezi amene sakuoneka paliponse.

Fumbi limalowa kudzera ku fyuluta ya mpweya, makamaka ikang'ambika, ikakhala kuti sinakhale bwino m'bokosi mwake, kapena paipi yochoka pamenepo ikamasuka. Fumbi ndi mchenga wosalala, ndipo likasakanikirana ndi oyilo limapala masilinda ndi maring'i pang'onopang'ono. Apa kusintha oyilo kokha sikukwanira. Tsegulani bokosi la mpweya pa sevisi iliyonse, pititsani chala m'kati mwa paipi ya kuseri kwa fyuluta. Chala chikatuluka ndi fumbi, pali pamene pakulowa, ndipo muyenera kupapeza.

Katundu wolemera, kukoka ngolo, kukwera mapiri ndi kuyenda mumchenga pa giya yotsika zimakweza kutentha kwa oyilo. Dizilo wa sulufule wambiri amamaliza msanga mankhwala olimbana ndi asidi. Ngati chimodzi chokha mwa zonsezi ndicho moyo wa galimoto yanu wa masiku onse, dulani nambala pakati.

Mapikapu atsopano a dizilo ali ndi vuto lawolawo, ndipo ili ndi lofunika kulimvetsa bwino. Ambiri ali ndi DPF, sefa ya mu ekizozi yogwira mwaye. Ikadzaza, kompyuta imalamula kuti mainjekita apopere dizilo wowonjezera kuti ekizozi itenthe kwambiri n'kuwotcha mwayewo. Pa injini zimene dizilo ameneyu amapoperedwa m'silinda momwemo, wina amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kugwera mu oyilo. Galimoto ikamazimitsidwa ntchitoyi ili pakati, kompyuta imayambiranso ulendo wotsatira, ndipo dizilo amachulukirachulukira mu sampu. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: oyilo m'malo mochepa amakwera. Mukaona kuti pa dipisitiki, kandodo koyezera oyilo, wadutsa mzere wa pamwamba inu musanawonjezere, ndipo akununkha dizilo, musinthe pomwepo ngakhale atangoyenda makilomita 3,000. Madipisitiki ena ali ndi chilembo cha X pamwamba pa mzere wodzaza, ndipo ameneyo ndi malire oti oyilo asafike. Oyilo wosungunuka ndi dizilo amapyapyala, sangathe kulekanitsa zitsulo m'mabering'i. Injekita yodontha imachitanso zomwezi ngakhale pa injini yopanda DPF.

Nanga galimoto yongokhala? Oyilo amakalamba ngakhale osayenda, chifukwa chinyezi chimalowa ndipo asidi amene alimo kale amapitiriza kudya. Chaka chisadutse, ngakhale mita itangosuntha makilomita 2,000.

Ambiri amaweruza ndi mtundu, koma pa dizilo kuda sikunena kanthu. Oyilo watsopano amada pakangopita masiku ochepa, ndipo zimenezo zikusonyeza kuti akugwira mwaye monga ayenera. Zimene dipisitiki ingakuuzeni zoona ndi zina. Oyilo wotuwa ngati wathiridwa mkaka ali ndi madzi, mwina gasiketi ya hedi yapsa, mwina choziziritsira oyilo chabooka, mwina galimoto inawoloka madzi akuya. Timadontho tonyezimira ndi zitsulo zimene zikudyeka. Wokhakhala pakati pa zala ali ndi fumbi, wolemera monata wapitirira nthawi. Magalimoto ena ali ndi kompyuta yowerengera moyo wa oyilo, ndipo ndi yothandiza, koma yambiri imangowerengera kuchokera ku kazunguliridwe ka injini, kutentha ndi nthawi. Siiona fumbi, siidziwa mtundu wa oyilo amene mwathira. Ikayatsa chenjezo msanga imvereni, koma ikachedwa pa galimoto ya m'fumbi musaidikire.

Mtundu wa oyilo umayendera limodzi ndi nambala ya makilomita. Pa 5W-30 kapena 15W-40, nambala yoyamba ikunena mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiri ikunena kulemera kwake pa madigiri 100. Injini zatsopano zili ndi timipata tating'ono ndipo zimafuna wopyapyala amene amafika msanga ku turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, ndi kumutu kwa injini mukangoliza. Kuthira wolemera poganiza kuti ateteza kwambiri n'kulakwitsa. Kupatula manambalawo, yang'anani zilembo za kuseri kwa botolo. Pa muyezo wa API, zoyamba ndi C ndi za dizilo, monga CI-4 ndi CK-4, zoyamba ndi S ndi za petulo, monga SN ndi SP. Galimoto ya DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, monga ACEA C2, C3 kapena JASO DL-1, malinga ndi zimene buku lanena. Oyilo wamba amasiya phulusa limene silipsa, limatseka DPF pang'onopang'ono. Synthetic amapirira kutentha kuposa wamba, zimenezo n'zoona, koma mwaye, fumbi ndi dizilo zimamudetsa mofanana. Ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri amanamizika: amagula wodula kenako n'kumusiya makilomita 20,000 pa galimoto ya ntchito.

Kusintha kwenikweniko si kovuta. Yendetsani galimoto mphindi 10 kuti oyilo afunde, imikani pamalo osapendekeka, kokani handibuleki, zimitsani. Mapikapu ambiri ndi okwera moti mukhoza kulowa pansi osanyamula, koma ngati mwanyamula, musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeki yokha, ikani zochirikiza zolimba. Chotsani chitsulo choteteza kunsi ngati chilipo. Chotengera chikhale chachikulu, chifukwa injini za dizilo za mapikapu zimanyamula malita pakati pa 6 ndi 10. Tsegulani chivindikiro cha pamwamba kuti mpweya uzilowa, masulani bawuti ya sampu ndi sipanala yokwana bwino, ndipo samalani mkono poti oyiloyo amawotcha. Mulekeni atsike mpaka ayambe kudontha pang'onopang'ono. Pa injini zina, monga za Ford Ranger za dizilo za 2.2 ndi 3.2, simuyenera kusiya sampu yopanda oyilo kupitirira mphindi 10, chifukwa pampu yake ikauma imavuta kuyambanso kukoka. Pa zoterozo konzeranitu zonse musanamasule.

Wosha ya pa bawuti ndi yogwiritsa ntchito kamodzi, imaphwanyika kuti itseke. Ikani yatsopano. Yambani kumanga bawutiyo ndi zala kuti mumve ngati yalowa mowongoka, kenako malizani ndi sipanala. Zambiri zimafuna ma Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti) 30 mpaka 40, si mphamvu yambiri ayi. Kumanga mopitirira kumadya mazinga a sampu, makamaka ya aluminiyamu, ndipo kukonza kwake ndi ntchito yaikulu kuposa sevisi yonseyo.

Fyuluta isinthidwe nthawi iliyonse. Yakale ikatseka, kavalavu ka m'kati kamatseguka n'kulola oyilo wosasefa kuzungulira, ndipo imasunganso oyilo wakuda amene adzadetse watsopanoyo. Mukaichotsa, onetsetsani kuti labala yake yatuluka nayo. Ikatsalira pa injini inu n'kumangirapo ina, malabala awiriwo amaphulika galimoto ili pa liwiro ndipo oyilo yense amatha m'kanthawi kochepa. Pakani oyilo pang'ono pa labala yatsopano, zungulizani ndi dzanja mpaka ikhudze, onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Sipanala ndi yomasulira basi. Ngati fyuluta yanu ndi ya pepala yolowa m'kabokosi, sinthaninso malabala ozungulira amene amabwera nayo, ndipo chivindikiro cha pulasitiki musachikakamize.

Thirani oyilo wochepa ndi theka la lita poyerekeza ndi muyezo wa m'buku, tsekani, lizani osaponda moto. Nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani msanga. Injini ikulira suzumirani pansi, pa bawuti ndi pa fyuluta. Zimitsani, dikirani mphindi 5 mpaka 10, yezani, kenako onjezerani pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi mzere wa pamwamba. Pa injini zambiri, kuchoka pa mzere wa pansi kufika wa pamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Musadutse. Oyilo akachuluka, kirankishafuti imamumenya n'kuchita thovu, thovu silisunga mphamvu, masili amayamba kudontha. Pa dizilo pali choopsa china: oyilo wochuluka akhoza kukokedwa kulowa m'njira ya mpweya, injini n'kuyamba kumuwotcha ngati mafuta, kuthamanga yokha osamvera kiyi.

Oyilo wakale musamutayire pansi kapena mu ngalande, amaipitsa madzi ambiri. Muthireni m'mabotolo amene mwakhuthula, apite kumene amasonkhanitsa. Valani magolovesi, ndipo akakhudza khungu sambani ndi sopo.

Pakati pa sevisi ndi sevisi, sololani dipisitiki kamodzi pa sabata komanso musananyamuke ulendo wautali. Injini iliyonse imadya oyilo pang'ono, ndipo wotsala akachepa amatentha kwambiri n'kutha msanga. Kuwonjezera sikulowa m'malo mwa kusintha, poti zinyalala zimatsalira momwemo. Nyali yofiira ya kabotolo ka oyilo siinena za kuchuluka kwake, imanena kuti mphamvu ya pampu yagwa, choncho ikayaka muli pa msewu imani pomwepo. Turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi itayandama pa oyilo, ndiye mukatsika kokoka katundu kapena kokwera phiri, isiyeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oyilo asapserere m'mabering'i ake.

Lembani tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo nthawi iliyonse, ndipo bwezeretsani chowerengera cha pa dashibodi ngati chilipo. Amene ali ndi mapikapu angapo ndipo akufuna nambala yeniyeni ya ntchito yawo, atenge oyilo pang'ono potsitsa, pakati pa mtsinjewo osati woyamba kutuluka, akapimitse ku labotale yoyeza oyilo. Zotsatira zimasonyeza chitsulo, fumbi, mwaye, dizilo, madzi ndi mphamvu yotsala yolimbana ndi asidi. Mukapimitsa kawiri kapena katatu motsatizana, mudzaona ngati 5,000 ikukwanira, kapena ngati galimotoyo ingafike 7,500 bwinobwino.