Kutsogolera kafukufuku wa nsomba ku Mangochi

Mukapatsidwa udindo wotsogolera gulu la kafukufuku la payunivesite kuno ku Mangochi, yambani ndi chilolezo. Cape Maclear ili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe bungwe la UNESCO lidaizindikira mu 1984 kuti ndi malo ofunika padziko lonse, choncho simungagwire mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala, popanda kalata ya nthambi yoona za mapaki. Kenako kaonaneni ndi amfumu ndi komiti ya pagombe, pajatu asodzi ndiwo amadziwa komwe chambo chimaswana.

Maulendo apabwato musawaike mu Juni ndi Julayi, mwera umavundula nyanja. Tizidutswa ta zipsepse tokaunika pa kafukufuku ophunzira aziika mu ethanol (mankhwala oteteza kuti tisaole) wa 96%, ndipo kapepala kam'botolo azilemba ndi pensulo. Inki imasungunuka, osadziwanso kuti nsombayo idagwidwa kuti.