Nkhungu Yosakakamira M'lichero

Kuno ku Nkhotakota mawu akuti nkhungu si otchula mwachisawawa, makamaka pamaso pa mwana wa pakamwa. Ine ndinazidziwa zimenezi usiku wa pa 24 December chaka chatha, ndipo kufikira lero apongozi anga aamuna tikakumana amayamba aseka kaye, moni n'kubwera pambuyo.

Ntchito yanga ndi yobwereketsa mipando, matenti ndi zokuzira mawu pa maukwati ndi zinkhoswe. Mlamu wanga wa ku Johannesburg pobwera kutchuthi ananditengera makina a utsi, aja mumawaona pa siteji oimba akamavina. Ndi kabokosi kachitsulo ka mawati 900, kathanki kumbuyo, kamlomo kutsogolo. M'kathankimo umathira madzi ake apadera, osakaniza ndi glycol kapena glycerine, inde glycerine yemwe uja amayi amathira m'mafuta odzola. Kapampu kamakankhira madziwo m'chitsulo chotentha kwambiri, amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikakumana ndi mpweya wa panja imasanduka timadontho toyera tosaoneka patokha. Utsi wake ndi umenewo. Palibe chimene chimapsa, kungoti kufotokozera munthu zimenezi usiku atanyamula ndowa ya madzi ndi nkhani ina.

Chaka chilichonse ana a Sande sukulu amadzaimba nyimbo za Khrisimasi pabwalo pathu. Ulendo uno ndinati anthu a ku Linga aone zachilendo. Ndinamanga khola la ku Betelehemu la nsungwi ndi udzu pansi pa mtengo wa mango, nkhosa zodula pa makatoni, chidole cha mwana wanga wamkazi n'kuchikulunga m'chitenje kuti chikhale Yesu wakhanda. Chimene ndinkafuna kwambiri n'chakuti angelo, atavala nsalu zoyera zofunda, aoneke ngati aima pa mtambo, utsi ukuwayenda m'miyendo.

Nditayesa koyamba, utsi unatuluka pfuu, n'kulunjika mumtengo wa mango, n'kupita. Zinangokhala ngati ndikuwotcha zinyalala. Chifukwa chake n'chosavuta: utsiwo umatuluka uli wotentha, ndipo chotentha chimakwera. Kuti ukwawe pansi uyenera kuuziziritsa ukhale wolemera kuposa mpweya wouzungulira.

Ndinagula bandulo, n'kukhala pa YouTube mpaka tambala woyamba. Anthu a ku America amachita zimenezi kwambiri pa Halloween, pa 31 October, pofuna kuti pabwalo pawo paoneke ngati kumanda. Bwanji munthu wamoyo angafune zimenezo pakhomo pake sindikudziwa, koma nzeru yawo ndinaitola. Amatenga kulabokosi, kuboola mbali ziwiri, kupinda waya wa khola la nkhuku kuti akhale ngati paipi yodutsa m'kati, kenako n'kuunjika ayisi mozungulira wayayo. Utsi ukalowa mbali iyi uli wotentha umakatuluka mbali inayo utazizira. Pakati pa kamlomo ka makina ndi paipi umasiyapo mpata wa zala zitatu, kuti utsi ukoke mpweya komanso kuti pulasitiki isasungunuke, poti kamlomo kaja kamatentha kwambiri. Kotulukira umalumikiza paipi yaitali yoboolaboola, kuigoneka kumene ukufuna mtambo wako uyambire. Chimene sindinachilabadire n'chakuti October wawo amavala majuzi, pabwalo pali kapinga wozizira. December wathu kutentha kumapyola madigiri 30, ndipo mchenga umasunga moto wa dzuwa mpaka usiku.

Ena m'mavidiyomo ankanena za ayisi wouma, uja wa mpweya wa carbon dioxide amene amazizira kufika pa madigiri 78 kunsi kwa ziro. Ndinakamufunsa pa golosale ina ya mumsewu wa M5. Mwini wake anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ayisi akauma ndiye kuti watha."

Kulabokosi wa mayi a kunyumba ndinangomuyang'ana, iwo n'kundiyang'ananso, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndinapita kwa msuweni wanga amene amapikula nsomba n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Anandipatsa bokosi lake lakale long'aluka chivundikiro, n'kundigulitsa mabuloko awiri a ayisi amene anatsala pa ulendo wa dzana lake. Bokosilo linali litanyamula chambo ndi kampango kwa zaka zoti mwini wake anasiya kuwerenga. Ndinalitsuka ndi sopo katatu.

"Abambo," anatero mayi a kunyumba atalinunkhiza, "bokosi ili likununkha kudoko."

"Fungo limatha ndi kuzizira," ndinayankha ine, ngati munthu wodziwa. Sindikudziwa kumene ndinazitenga.

Ndinaphwanya ayisi ndi nyundo, kumuthira m'bokosi, n'kuwazapo paketi yathunthu ya mchere, chifukwa mchere umapangitsa madzi osungunuka aja kuzizira kupyola ziro. Tsopano taganizani: fungo la kampango, mchere paketi yonse, ndi nthunzi yotentha yodutsa pakati. Panthawiyo ndinkaona ngati ndi sayansi. Ndikaganiza lero, ndinali nditatereka ndiwo, kunangosowa tomato.

Itakwana hafu pasiti seveni ana anafika. Ndinali nditawaza madzi pamchenga kuti pazizireko, paipi nditaibisa kuseri kwa nkhosa za makatoni, nyali zothwanima zikuthwanima mumtengo. Apongozi anakhala pampando wa ndalema kukhonde, anthu ena oyandikana nawo ataima kumpanda. Ana atayamba kuimba, ndinadina batani.

Abale, kwa mphindi imodzi ija ndinali munthu wamkulu m'boma lonse la Nkhotakota. Utsi unatuluka m'mabowo a paipi mwakachetechete, woyera ngati ufa wa mphale yokonola bwino, n'kuyamba kukwawa pansi pang'onopang'ono. Unazinga khola, unaphimba mapazi a angelo, masilipasi awo osiyana mitundu osaonekanso. Mayi wina kumpanda anaimba nthungululu. Ndinayang'ana mayi a kunyumba kuti aone mwamuna amene anakwatiwa naye.

Iwo anali atagwira mphuno.

Mngelo Gabiriyeli, mwana wa Sitandade 4, analekeza nyimbo pakati n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi akuwamba nsomba ndani?" Kenako kamphepo ka mpoto, kamene tsiku lonse kanali kali zii, kanayamba kuwomba. Mtambo wa pansi ulibe mwini. Unatembenuka wonse pamodzi, kusiya angelo ali pamchenga, n'kulowera pansi pa mpanda wa bango kupita kwa agogo oyandikana nafe, wina n'kutulukira pageti kulowa m'njira.

Apa m'pamene mwana wanga wotsiriza, wazaka zisanu, anathamangira kumsewu ndi chisangalalo chonse, akukuwa: "Nkhungu! Kwathu kwagwa nkhungu! Adadi abweretsa nkhungu!"

Amene simukhala kunyanja mwina mukamva nkhungu mumaganiza za ija ya m'mawa ya ku Dedza kapena pa phiri la Zomba. Kwathu kuno nkhungu ndi ndiwo. Ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timatuluka m'nyanja tili chigulu, n'kuima pamwamba pa madzi ngati utsi wa sitima ikupsa. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amanyowetsa malichero ndi madengu n'kumazunguza m'mwamba, tizilomboto n'kumakakamira. Akatero amatikanya, kutikulunga m'masamba, kuphika, n'kuyanika timikate takuda timene ndi nsima mumadya mpaka kunyambita chala. Ngakhale David Livingstone poyenda m'nyanja muno mu 1861 anailawa. Ndiye munthu akakuwa kuti nkhungu m'nyengo ya mvula, palibe amene amafunsa kawiri.

Sipanathe mphindi zitatu, pageti panga panadzaza amayi, aliyense ndi chida chake chodontha madzi: malichero, madengu, beseni, wina sefa ya ufa. Anapeza choyera chikuyenda m'njira, fungo lake la kunyanja kwenikweni, umboni wonse ulipo. Agogo aja, amene masiku onse amayenda ndi ndodo, ndodo anaisiya kunyumba. Analowa pabwalo atawerama, lichero likuzungulira ngati wachinyamata, kukankha Yosefe, kugwetsa nkhosa ziwiri. Anapita pansi pa nyali, kuyang'ana m'lichero. Mbee. Anazunguzanso mwamphamvu, kuyang'ananso.

"Mwananga," anandiitana, "nkhungu yanji iyi yosakakamira?"

"Agogo, si nkhungu ya ndiwo, ndi ya makina."

"Makina opanga nkhungu? Nanga bwanji osaika yambiri? Iyi ndi fungo lokhalokha."

Apongozi, amene anapalasa bwato zaka zambiri asanapume, sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, "Ine chibadwire nkhungu ndimaiona ikuchokera kunyanja. Yochokera m'khola la Ambuye ndayamba kuiona lero."

Ndikanazimitsa pomwepo nkhani ikanakhala yaing'ono. Koma makina ang'onoang'onowa akapopa kwakanthawi amaima okha kuti chitsulo chitenthenso, ndipo ine m'chipwirikiti chija ndinali nditaponda pa batani osadziwa. Ayisi nayenso, ndi kutentha kwathu kuno kuphatikiza mchere uja, anali atatsala madzi okhaokha, akuchucha pa mng'alu wa bokosi kulowera m'khola. Amphaka atatu a m'mudzi anali atafika kale kudzalambira, wina atakhala pamwamba penipeni pa chidole akunyambita chitenje. Makina atatentha anapopa ndi mphamvu zonse. Popanda chouziziritsa, utsi unakwera chiriri kupyola m'denga la udzu la khola, nyali zofiira zikuuwalira kuchokera pansi.

"Motooo! Kwa a mipando kukupsa!"

Ameneyo anali mnansi wanga wa kumbuyo, munthu wabwino, wosachedwa pa mavuto a anzake. Analumpha mpanda ndi ndowa yodzaza. Ine ndinagwada kutchinjiriza makina, poti madzi ndi magetsi sizimwerana, ndikukuwa kuti si moto. Ndowa yonse inathera pamsana panga. Yachiwiri, ya mkazi wake, inali ya madzi otsukira mbale, ndipo inandipeza nditatembenuka kuti ndifotokoze. Mayi a kunyumba ndi amene anaganiza zokazula pulagi kukhoma, ndipo bwalo lonse linada bii. Mumdimamo ana a Sande sukulu, poti anaphunzitsidwa kuti nyimbo siisiyidwa pakati, anayambiranso vesi yachiwiri.

M'mawa wa Khrisimasi, ndikuyanika makina padzuwa, agogo anafika, ndodo yawo itabwerera m'manja. Anakhala pamkeka, tinalonjerana bwinobwino, kenako anayamba mlandu. Anati atamva mfuu ija anauza mdzukulu wawo asonkhe moto, atereke madzi, akadule masamba a nthochi okulungira. Nkhuni zinapsa pachabe, ndiwo sanaione, ndipo msana ukuwapweteka chifukwa chozunguza lichero. Ndiye iwo adya chiyani pa tsiku lalikulu ngati limeneli?

Mayi a kunyumba sanayankhe. Analowa kukhitchini, n'kutuluka ndi mbale ya mpunga wa kilombero ndi ntchafu ya nkhuku, ntchafu imene usiku wonse ndinkadziwa kuti ndi yanga. Agogo anasamba m'manja, anadya mosafulumira, fupa n'kuliswa kuyamwa mafuta a m'kati. Atamaliza anaimirira, anayang'ana makina aja pamene ndinawayanika, n'kugwedeza mutu.

"Chaka chamawa mukamadzayatsanso chinthu chanuchi mudzatume mwana msanga," anatero. "Lichero ndidzalisiya. Ndidzangobwera ndi mbale."