Khrisimasi ndi abale ovuta aja

Disembala ikangofika kumapeto minibasi za pa Limbe zimadzadza ndi anthu opita kumudzi, matumba a mpunga ndi shuga pamiyendo, ena kutsikira pa Luchenza, ena pa Chitakale, ena kupitirira mpaka ku Limbuli uko. Tonse timapita tikusekerera koma tiyeni tinene zoona, aliyense mumtima muli dzina la munthu mmodzi yemwe akulakalaka chaka chino asabwere. Ndipo amabwera ndithu, oyamba kufikanso amakhala iwowo.

Kwathu ndi amalume. Tikachoka ku tchalitchi, nkhuku ili pamoto, ana avala zatsopano akulimbirana Fanta, ndi nthawi yomwe amatulukira atalawa kale kachasu. Amakhala pampando wabwino uja, kuvula nsapato imodzi, nde amayamba. "Iwe mphwanga, ndalama za mtauni ukudya wekha eti? Nanga za dimba lija amayi ako akuti bwanji?" Pamenepo amayi amangolowa kukhitchini ngati aiwala mchere.

Palinso azakhali ofunsa za banja pagulu, kuti kodi mwana wachiwiri abwera liti, ndi alamu anga opemphera la Sabata omwe chaka chilichonse amatikumbutsa kuti 25 Disembala mulibe m'Baibulo. Awa sindilimbana nawo chifukwa akunena zoona, tsikulo mulibedi, ndipo mpungawo amadya nafe bwinobwino.

Koma za amalumezi ndi zomwe ndaganizapo kwambiri. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo nkhani ya malo si yoseweretsa. Tiyi anayamba kudzalidwa kuno zaka za m'ma 1890 ndipo malo abwino ambiri anapita ku maesiteti, ife kutsala ndi timinda toti munthu ukaima pakati umaona malire onse. Kuonjezera apo kwathu kuno malo amayenda kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi wake, ndiye banja likatha amabwerera kwa alongo ake manja ali m'thumba. Amalume zinawachitikira zimenezo. Kenako namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, kadimba komwe ankalimako kanakwiririka ndi miyala ndi mchenga. Disembalanso ndi mwezi woti chimanga chatha m'nyumba, feteleza sanapezeke, ndiye mukubwera inu ndi foni yatsopano ndi keke. Sindikuti kutukwana kwawoko nkwabwino ayi, koma ukadziwa komwe mawu akuchokera suwamvanso chimodzimodzi.

Timakonda kuwerenga 1 Akorinto 13 pa ukwati pokha, anthu atavala masuti, koma Paulo sankalembera akwati. Ankalembera mpingo womwe anthu ake ankakangana, kutengerana kukhoti, ena mpaka kuledzera pa mgonero wa Ambuye anzawo ali ndi njala. Ndipo pofotokoza chikondi choyamba kutchula ndi kuleza mtima. Munthu wabwinobwino safuna kuti umulezere mtima, olezeredwa mtima ndi ovutawo basi.

Yesu amene tikukondwerera kubadwa kwakeyu nayenso abale anamuonetsa zakuda. Pa Marko 3:21 anapita kukamugwira akuti wazungulira mutu, ndipo Yohane 7:5 amanena poyera kuti ngakhale abale ake sankamukhulupirira. Koma Yakobo m'bale wake yemweyo pambuyo pake ndi amene anadzakhala mtsogoleri wa mpingo ku Yerusalemu. Yesu sanamutaye.

Nde chomwe ndimachita ine ndi chaching'ono zedi. Amalume akafika ndimawalonjera ndekha mwaulemu wake, kuwatengera madzi osamba m'manja, mbale yawo kuyamba kutuluka ndipo ntchafu ya nkhuku ndi yawo. Munthu wanjala ndi wokhuta satukwana mofanana. Akayamba za dimba ndimangoti "Ndamva amalume, nkhani imeneyo ndi yaikulu, siyokamba ana ali pompano, tikhale pansi chaka chikalowa." Mawu ofatsa amabwezadi mkwiyo monga akunenera Miyambo 15:1, ngakhale nthawi zina amabweza theka lokha, theka linalo umangolimeza ndi thobwa.

Pali anthu ena amaganiza kuti kuleza mtima ndiye kulola chilichonse, ati mkhristu sayankha. Ine apo sindigwirizana nazo. Aroma 12:18 amati tikhale mwamtendere ndi anthu onse koma amayamba ndi mawu oti ngati nkotheka, kutanthauza kuti Paulo ankadziwa kuti nthawi zina sizitheka. Wina akayamba kukweza dzanja pa mkazi wake kapena kutukwana zolaula pamaso pa ana, kumuperekeza kwawo ndi chikondinso, kwa iye ndi kwa anawo. Achimwene anga amachita zimenezi bwino, amawagwira pamkono amalume nkumacheza nawo za mpira mpaka kukawasiya pakhomo pawo, osakuwa, osawachititsa manyazi. Ndipo ndalama sitiwapatsa m'manja madzulo, timagula ufa ndi sopo nkukasiya m'nyumba.

Chovuta kwambiri kwa ine si tsiku lenilenilo koma usiku wake pa gulu la WhatsApp la banja, pomwe aliyense amafuna kubwereza zomwe amalume anena ndi tizithunzi toseka. Pamenepo ndi pomwe ambiri timagwera, masana tinawalezera mtima usiku tikuwadya miseche. Foni ndimaisiya pa tchaja.

Za dimba zija timakambadi, osati kungowazemba. Chaka chikalowa timaitana mwini mbumba ndi amayi, m'mawa amalume asanalawe kanthu, ndipo ukawamva ali bwinobwino umapeza kuti pa zinthu zina akunena zoona, malire aja anasunthadi ndipo anasuntha ndi ana a mbali yathu.