Shati ya ku kitchen party

Lolemba kushopu kwanga ku Kamwala kunalibe chachilendo: mayunifolomu a sukulu, zipi zothyoka, ndi madiresi a kitchen party ya ku Chilenje amene azimayi akufuna afanane ndendende, ngakhale matupi awo sakugwirizana nazo.

Lachiwiri madzulo, ndikusonkhanitsa ulusi kuti nditseke, kunalowa mng'ono wake wa mkwatibwi atanyamula chitenge cha banja. Analonjera bwinobwino, nadikira kuti kasitomala wina atuluke.

"Amayi, diresi sindingavale. Koma ndikavala shati ya amuna, amalume ayambitsa mlandu pakhomo pomwe."

Anandiuza motsitsa mawu kuti sadziona ngati mkazi, komanso sadzitcha mwamuna. Ndinamufunsa dzina loti ndilembe m'buku la miyezo. Anandipatsa lina, osati la pa chiphaso chake cha boma cha NRC. Ndinalemba lomwelo.

Anthu sadziwa kuti chovala chimaulula zambiri. Shati ya amuna mabatani ake amakhala kumanja, ya akazi kumanzere, ndipo azakhali a maso akuthwa amaona zimenezi ali kutali. Ndiye Lachitatu lonse ndinali pa chovala chimodzichi. Mabatani ndinawabisa kunsi kwa nsalu. Pachifuwa sindinapinde monga timachitira ndi bulauzi, ndinangosiya kuti igwe yokha kuchokera m'mapewa mpaka m'ntchafu, kolala yoimirira. Thalauzi ndinaidula yotakasuka kwambiri, yoti munthu akaima chilili ena aziyesa siketi. Matumba awiri akuya, chifukwa anachita kundipempha kawiri.

Mtsikana amene amandithandiza kusita anafunsa: "Amayi, kodi uja ndi mwamuna kapena mkazi?" Ndinamuuza kuti uja ndi kasitomala, ndipo za m'buku la miyezo sizituluka pakhomo pano. Sikuti ndinkangomukalipira. Kuno ku Zambia gawo 155 la Penal Code, lamulo la milandu, limapereka chilango choyambira zaka 15 mpaka moyo wonse m'ndende pa milandu monga ya amuna ogonana okhaokha. Tonse tikukumbukira amuna awiri a ku Kapiri Mposhi amene anagamulidwa zaka 15 pa mlandu wotere mu 2019. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho, anachoka m'dziko muno, ndipo amunawo anatuluka mu 2020 pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, atawakhululukira. Lamulolo silinena kanthu za kavalidwe, koma kondakitala wa minibasi kapena alandilodi sawerenga magawo. Mphekesera imodzi ikwanira kuti munthu apeze katundu wake ali panja.

Lachinayi kunabwera ena awiri ochokera ku Matero, atamva kwa uja. Umu ndi mmene amapezera telala, wometa tsitsi, ngakhale chipinda cha lendi: amauzana okhaokha kuti kwa uje safunsa zambiri. Mmodzi ankafuna jekete yoti akavale pofunsira ntchito. Anati telala wina anaseka, naitana anzake kuti adzaone. Anali atalipira kale theka, sanabwerereko.

Ine ndimapemphera, Lamlungu sindijomba, ndipo ndikudziwa kuti kuyambira 1991 dziko lino limatchedwa lachikhristu. Koma kuseka munthu amene wakweza manja kuti umuyeze, ndiye kuti ntchito yako sukuidziwa. Ena mwa anzanga a pamzere pano amati ndikuitana tsoka. Anzanga omwewo amasokera mabwana odziwika madiresi a zibwenzi zawo, osaphethira n'komwe.

Lachisanu anabwera kudzayesa. Ndinafupikitsa manja pang'ono, ndi kusuntha batani lakukhosi limene linkamutsamwitsa. Analipira pa foni, napita.

Loweruka usiku ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Amalume anayang'ana, nang'ung'udza, kenako chakudya chinafika. Koma azakhali aakulu afunsa amene anasoka, akufuna yawo yotero ya ku ukwati, matumba akhale okulirapo. Ndawauza abwere Lachiwiri ndi mamita anayi.