Diso loikirira lalowa, koma tsiku lija likundiwawabe

Dokotala wochotsa diso ndi wina, wopanga diso loikirira, amene amamutcha ocularist, ndi winanso. Palibe anandiuza kuti ameneyu sayamba ntchito malo akadali otupa. Ndinakhala pamzere mpaka msana kuuma, iye n'kungotukula chikope, amvekere, "Bambo, mwafulumira, kadikireni kaye." Tsiku lonse kupita pachabe! Pamafunika masabata 6 mpaka 8 chichitikireni opaleshoni. Kunena zimenezi ponditulutsa m'chipatala kukanamuthera malovu ndani?

Podikirapo, pansi pa zikope amakuikani kapulasitiki koonekera mkati kotchedwa conformer. Musakachotse. Kakagwa, katsukeni ndi sopo ndi madzi oyera, mukabwezeretse. Kakakhala kunja masiku angapo, timatumba ta kuseri kwa zikope timafota, ndiye diso latsopano limasowa pogwira.

Ndibwerere ku opaleshoni. Amakwirira kampira mkati momwe munali diso, nthawi zambiri ka mamilimita 18 mpaka 22, ka hydroxyapatite (yofanana ndi fupa) kapena pulasitiki ya polyethylene ya timabowo momwe timitsempha ta magazi timameramo. Amasokererapo minofu yoyendetsa diso, n'kukaphimba ndi kakhungu kofiirira. Mukadzaona choyera chikusuzumira pamenepo, kakhunguko katseguka, pitani kwa dokotala msanga.

Kutupa kutaphwa, zotsalazo zinayenda bwino. Ocularist uja anathira phala lozizira la alginate momwe munali diso kuti atenge chikombole, n'kuumba la phula loyesera, kenako lenileni la pulasitiki yolimba ya acrylic. Mtundu amapenta pamanja akuyang'ana diso linalo, timitsempha tofiira n'taulusi. Si lozungulira ngati mpira ayi, ndi lopyapyala ngati chigoba, limangokhala pamwamba pa kampira kaja. Limayenda ndithu koma silifika m'mbali, ndipo kadontho kakuda ka pakati sikakula mumdima.

Ofuna kuti liziyenda kwambiri amawaboolera kamsomali ka chitsulo cha titanium kolumikiza diso ndi kampira, pakatha miyezi 6 kapena kuposerapo. Ine ndinakana. Kamabweretsa manthongo, tinyama tomera m'mbali mwake, mwinanso kamsomaliko kugwa kumene.

Popukuta disolo, pukutani cholowera kumphuno, apo ayi lituluka. Sipiriti asalikhudze, amawononga acrylic. Muzikalipolishitsa kamodzi pachaka, ndipo pakatha zaka 5 kapena chapompo limafuna lina. Valani magalasi osasweka msanga a polycarbonate kuteteza diso lotsalalo. Ndipo conformer ija, ndanena kale, isagone kunja.