Nyumba ya ku Waterfalls imene inatikanika miyezi 14

Lolemba m'mawa abwana anandiponyera makiyi patebulo, amvekere, "Nyumba iyi yatikanika tonse. Kayeseko iwe, poti mwini wake ndi wakwanu." Muofesi mwathu mogulitsa nyumba zili choncho, kasitomala akangomveka lilime la Chichewa amamukankhira kwa ine. Ndinabadwira ku Highfield konkuno ku Harare, koma bambo anga anachokera ku Dedza mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndiye ntchito zoterezi sindizikana.

Nyumbayo ili ku Waterfalls. Zipinda zogona zinayi, bwalo lalikulu loti mwana n'kusocheramo, mitengo iwiri ya mapeyala kuseri, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa mpanda, momwe mumakhala loja, munthu wa lendi. Yakhala pamsika miyezi 14, mpaka chikwangwani chathu pageti chinasuluka ndi dzuwa. Mtengo wake ndi madola 185,000 a ku America.

Ndinafika dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndili ndi chizolowezi choimika galimoto chapatali n'kuyenda wapansi, kuti ndione zomwe wogula amayamba kuona. Geti linakana kutseguka mpaka ndinachita kulikankha ndi phewa. Durawall, mpanda wa mapanelo a simenti, inagwa mapanelo awiri, anangotsekapo ndi lata. Pakhomo penipeni pali Peugeot 504 yopanda matayala, itakhala panjerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndisanafike ngakhale pakhonde ndinali nditadula kale mtengo mumtima, ndipo wogula amadula kuposa ine, chifukwa iye sadziwa kuti getilo likungofuna girisi.

Mwini nyumba, mkulu wa zaka za m'ma 70, anandilandira ndi manja awiri. "Kwanu n'kuti, mwana wanga?" Nditatchula Dedza nkhope inawala, ati iwo kwawo ndi ku Ntcheu, ndiye tinayamba tacheza za mbatata ya pa Lizulu tisanalowe m'nyumba. Nyumbayo ndi yolimba, khoma lilibe mng'alu, pansi ndi timatabwa takale tija ta parquet. Koma makatani onse anali otseka, pabalaza maseti atatu a masofa atapanikizana, ndipo pasiling'i ya kukhichini pali banga lofiirira lalikulu ngati lichero. Kubafa ndinawerenga zidebe 9, bafa lenilenilo lili thotho ndi madzi osungira. Nditatsegula mpopi unangopuma mpweya.

"Madzi amabwera liti, bambo?"

"Akafuna."

Kuno ku Harare wogula asanafunse za zipinda amafunsa za madzi. Madzi a mumzinda amachokera ku Lake Chivero, kudzera pamalo oyeretsera a Morton Jaffray, ndipo sakwanira tonse tsiku lililonse. Amene anaona kolera ya 2008, ndi ija inabweranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018, nkhani ya madzi saiseweretsa. Nyumba ya borehole, thanki ya malita 5,000 ndi sola padenga imayenda msanga ngakhale ikhale ya penti yoyipa. Mkuluyu ali ndi chitsime chokumba pamanja, chomwe chimauma chilimwe chikafika pachimake, ndipo magetsi akathima ndi kandulo basi. Koma mtengo womwe anaika ndi wa nyumba yokhala ndi zonsezo.

Lachiwiri ndinakhala muofesi kufufuza. Nyumba zitatu zofanana nayo zomwe zinagulidwa m'dera lomwelo chaka chino zinapita pakati pa 130,000 ndi 145,000, ndipo ziwiri mwa izo zinali ndi borehole. Ndimayang'ana mitengo yomwe anthu analipiradi, chifukwa yolembedwa pa intaneti ndi maloto a eni nyumba. Kuno ngongole za nyumba kubanki n'zosowa. Anthu anapsa ndi kugwa kwa ndalama mu 2008, anapsanso mu 2019 ndalama zitasintha, ndipo ngakhale ZiG, ndalama yatsopano ya dziko lino, inabwera mu Epulo 2024, nyumba imagulidwabe ndi madola a ku America, kawirikawiri ali m'manja. Munthu amene wasonkhanitsa ndalama zake zaka khumi salipira 40,000 yapamwamba chifukwa chokonda mitengo ya mapeyala.

Ndinapezanso china chondikhumudwitsa. Nyumba yomweyo ili pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kanayi, mitengo inayi yosiyana, wina mpaka analemba 199,000. Achibale ndi anyamata ongodziika okha pa ntchito yogulitsa nyumba aliyense anawonjezerapo yake. Mumzinda momwe anthu agulitsidwapo malo amodzi kawiri, wogula akaona zimenezi amathawa osafunsa n'komwe. Wochenjera amayamba waona ngati womugulitsayo ali m'kaundula wa Estate Agents Council, bungwe loyang'anira ogulitsa nyumba. Ndinaimbira mkulu uja kuti auze abale ake achotse zonsezo, patsale chimodzi.

Lachitatu za ku Waterfalls ndinaziika pambali, chifukwa pa nyumba ina yomwe ndikugulitsa ku Mufakose zinthu zinali zitavuta. Kumeneko wogula analipo kale, namwino wogwira ntchito ku Manchester, ndalama zili chire, mtengo atagwirizana. Loya wake atapempha mapepala ndi pomwe zinaululika kuti nyumbayo ikadali m'dzina la malemu, amene anatisiya zaka 11 zapitazo, ndipo chuma chamasiyecho sichinalembetsedwe kwa Master of the High Court, mkulu wa kukhoti woyang'anira chuma chamasiye. Popanda munthu wosankhidwa mwalamulo kuyendetsa chumacho, komanso chilolezo cha Master choti agulitse, palibe angasaine kanthu. Ana alipo asanu. Atatu akufuna kugulitsa, wa ku Johannesburg sayankha foni, wa ku Blantyre akuti sanauzidwe. Pabwalo panakhalanso atsibweni awo, ndodo ili pamwendo, akuti mwini mbumba ndi iwo ndipo palibe chingachitike iwo asananene. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Malume, mawu anu pabanja pano ndi aakulu, koma kuofesi ya mapepala amawerenga dzina lolembedwa." Sanakondwe nane.

Vuto silinathere pomwepo. Nyumbayo ilibe title deed, chikalata cha umwini, ili pa cession, kutanthauza kuti umwini umasinthidwa m'mabuku a khonsolo, ndipo ogula ambiri akunja zimenezi amaziopa. Kuwonjezera apo dzina la malemu linalembedwa mitundu iwiri. Pachitupa lili ndi l, pamapepala a nyumba lili ndi r, poti mlembi wakalekale analimva ndi khutu la Chishona, momwe mulibe l. Izi ndazipeza kangapo m'mabanja athu ochokera ku Malawi, ku Highfield, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa. Chilembo chimodzi chimafuna malumbiro ndi maulendo a kwa loya. Namwino uja anandilembera madzulo kuti sangadikire, wapeza ina ku Kuwadzana. Sindimuimba mlandu. Mlandu ndi wanga ndemwe, amene ndinaika chikwangwani ndisanaone pepala ndi maso angawa, ndikungokhulupirira mawu akuti "zonse zili bwino, mlongo."

N'chifukwa chake Lachinayi, ndisanagwire tsache ku Waterfalls, ndinati, "Bambo, ndionetseni title deed." Anaitulutsa m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, itakulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Dzina likugwirizana ndi chitupa, chilembo ndi chilembo. Mtima unakhala pansi. Pulani ya nyumba yaikulu ilipo, ya chidindo, koma kanyumba kakuseri kanamangidwa popanda pulani. Chichokereni Murambatsvina mu 2005, pomwe boma linagwetsa tinyumba totere tambirimbiri, wogula amafunsa ndithu. Ndinawauza kuti tizinena poyera, ndipo tisakawerengere pamtengo ngati nyumba yovomerezeka.

Ndinabwera ndi anyamata awiri aganyu. Udzu anatchetcha, mapanelo a mpanda anabwezeretsa, geti analipaka girisi. Masofa seti imodzi inatsala, zina zinapita kugalaja. Zidebe tinazisamutsira kuseri. Banga la pasiling'i mkuluyo amafuna tingolipaka penti, ine ndinakana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mvula ya Novembala ikangogwa wogula adzadziwa kuti tinamubisira. Mnyamata anakwera padenga n'kupeza matailosi atatu osweka, ntchito ya ola limodzi. Nkhondo inali pa Peugeot. "Imeneyo inandifikitsa ku Ntcheu kudzera pa Nyamapanda ndi Tete kasanu konse," anatero. Tinagwirizana kuti isagulitsidwe, koma tiikankhire kuseri kwa mapeyala. Tinaikankha anthu asanu, titabwereka matayala kwa aneba, nkhuku zikulalata.

Tikupuma pamthunzi, mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi geti anandikodola. "Achemwali, mukuvutika chabe. Anthu anu akamatuluka, loja wakuseriyo amawatsatira kumsewu." Ndinafunsa kuti amakawauza chiyani. Akuti amawauza kuti nthawi ya dzinja bwalo lonse limasanduka dambo, akuba amalowa mwezi uliwonse, ndiponso kuti m'nyumbamo usiku mumamveka mapazi. Miyezi 14 anzanga akudabwa kuti n'chifukwa chiyani munthu amaona nyumba, kumwetulira, kenako osaimbanso. Mnyamatayo ndinakamupeza. Sanakane nthawi yaitali. Ali ndi ana awiri pasukulu yapafupi, lendi yake ndi yotsika, ndipo palibe anamuuzapo kuti nyumba ikagulidwa iye zimuthera bwanji. Kunena zoona ndinamumvetsa, ngakhale anatidyetsa ndalama. Tinakhala pansi ndi mkulu uja, tinalemba kuti adzapatsidwa miyezi itatu yokonzekera, ndipo mwezi womaliza sadzalipira.

Zithunzi ndinajambula Lachisanu cha m'ma 7 m'mawa, makatani onse otsegula, dzuwa lisanawawe. Zakale zija zinajambulidwa madzulo, chimodzi chikuonetsa chimbudzi chosavundikira, china chala cha wojambula. Ndinajambulanso kanema woyambira kumsewu, kulowa pageti, chipinda ndi chipinda osadula, mpaka pa mita ya magetsi ndi pachitsime. Ogula athu ambiri ali ku UK, ku South Africa ndi ku Australia, amaona nyumba pafoni ali pa shifiti, kenako n'kutuma mlongo wawo kudzatsimikiza. Ukawabisira msewu wa maenje, mlongoyo akaufotokoza moipa kuposa momwe ulili.

Kenako inafika nkhani yomwe ndimaizengereza sabata yonse. Ndinayala mapepala a nyumba zitatu zija patebulo. Mkuluyo anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mtengowu sindinaike ine. Anaika ndi mwana wanga wa ku Luton. Ndikatsitsa ati ndapusitsidwa." Tinamuimbira pa WhatsApp pomwepo. Iye akuti anaona nyumba ya zipinda zinayi pa intaneti ili pa 300,000, ndiye ya bambo ake yatchipa kale. Nditamufunsa kuti inali kuti, anati ku Borrowdale, dera la anthu olemera. Ndinadziletsa kuseka. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, njerwa zikhoza kufanana, koma munthu amagula dera. Bambo anu akukalamba akutunga madzi ndi chidebe podikira mtengo wa kumpoto kwa mzinda."

Ndinawawerengeranso zotuluka, chifukwa eni nyumba ambiri amaiwala kuti mtengo wapachikwangwani sulowa wonse m'thumba. Pali komishoni yathu ya 5 peresenti. Pali ngongole ya khonsolo, yomwe iyenera kulipidwa kuti chikalata chosonyeza kuti palibe ngongole chituluke, apo ayi umwini susintha. Pali chikalata cha msonkho wa phindu la pogulitsa, chochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Apa mkuluyo ali ndi mwayi, poti munthu wopitirira zaka 55 akamagulitsa nyumba yomwe amakhalamo sadulidwa msonkhowo, ngakhale chikalatacho ayenerabe kukachitenga. Atamva zimenezi mwanayo anafewa pang'ono. Tinatsika kufika pa 149,000. Ine ndimafuna 142,000, koma munthu sumuthyola kawiri tsiku limodzi.

Ndinapemphanso chinthu china chovuta kunena kwa munthu wamkulu: kuti ogula akabwera, iwo akhale atapita kokayenda. Anzanga anandiuza kuti mkuluyu amatsatira alendo chipinda chilichonse, kufotokoza kuti apa ndi pomwe mayi a ana anadwalira, apa mwana woyamba anaphunzirira kuyenda. Wogula amachita manyazi kutsegula kabati kapena kufunsa za denga mwini wake ali pamsana, ndipo sangaone bedi lake m'chipinda chomwe changotchulidwa maliro. Ndinazinena mozungulira, koma anamva. "Ndipita kwa mnzanga ku Mbare," anatero, osandiyang'ana.

Loweruka kunabwera magulu atatu, pomwe miyezi iwiri yapitayi sikunabwere ndi mmodzi yemwe. Oyamba anangozungulira n'kupita. Wachiwiri anali mtsikana wotumidwa ndi mkulu wake wa ku Perth, foni ili m'mwamba, akufunsa mafunso omwe akuuzidwa m'khutu. Achitatu anali bambo ndi mayi a ku Chitungwiza, omwe anakhala ola lathunthu. Bamboyo anagogoda makoma, anasuzumira m'chitsime, anafunsa aneba kuti borehole yawo anapeza madzi pa mamita angati. Mayiyo anaima pansi pa mapeyala akuwerenga zipatso. Loja uja anawapatsa moni n'kulowa m'nyumba mwake. Potuluka anati apereka 138,000, poti ayenera kukumba borehole ndi kuika sola, ndipo 100,000 ilipo pompano, yotsalayo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndinawauza kuti alembe, komanso kuti ndalama zidzadzera kwa loya wosintha umwini, osati m'manja mwa munthu.

Mkulu uja anabwera cha m'ma 5, atanyamula kabichi wa ku Mbare Musika m'jumbo. Ndinawauza. Anakhala pakhonde, anavula chipewa, anayang'ana kumene kunali Peugeot. "Miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri kwa munthu wa msinkhu wanga," anatero. "Auzeni 143,000, ndipo amalize pofika Janyuwale. Wa ku Luton ndimuuza ndekha."

Uthengawo ndinautumiza ndili pageti pomwepo. Mpaka Lamulungu usiku timizere tiwiri ta pa WhatsApp tinali titasanduka tabuluu, koma yankho linali lisanabwere. Lolemba ndili ndi loya wa banja la ku Mufakose 9 koloko, ndipo atsibweni aja anena kuti nawonso abwera.